Madzi Saiwala Khwawa: Za Madamu a Dothi a ku Magomero

Abale ndi alongo a kunyanja, mwezi uno nkhani yathu ikwera kumtunda pang'ono. Inu amene mumapita ndi nsomba ku Limbe kudzera msewu wa Zomba mumapadziwa pa Namadzi. Mukatsika pamenepo n'kulowera chakum'mawa, mwafika ku Magomero, kumalire a Chiradzulu ndi Zomba. Ambiri amalidziwa dzinali chifukwa cha thangata wa pa esiteti ya A. L. Bruce ndi nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915. Koma kwa msodzi chofunika kudziwa ndi ichi: mvula yogwa pa zitunda za kuno imatsikira mu mtsinje wa Namadzi, ndipo ulendo wake umakathera m'nyanja ya Chilwa. Zochitika m'madambo a kuno zimakupezani kumeneko, ngakhale mochedwa.

Maesiteti a dera lino ndiwo anayamba kutseka madambo ndi makoma a dothi kuti apeze madzi othirira nazale za fodya ndi omwetsa ng'ombe. Ena mwa madamu amenewo alipobe, akalamba, eni ake asinthasintha. Tsopano kwabwera mtundu wina. Munthu wapuma pa ntchito, kapena wabwerako ku Joni ndi kangachepe, wagula malo okhala ndi kadambo, waitana thirakitala kapena anyamata a ganyu, watseka. Waponyamo makumba ndi chilunguni, wamanga tizisakasa ndi mabenchi, mwinanso wagula kabwato. Loweruka ndi Lamlungu anthu akubwera kudzawedza ndi mbedza, kudzajambulitsa za ukwati, ana kudzasambira, iye n'kumatolera ya pakhomo. Palibe cholakwika pamenepo, ndi malonda abwino kuposa ambiri amene ndawaona. Ndipo inu nomwe, chiumire nyanja ya Chilwa mu 1995 n'kudzaphwanso koopsa mu 2018, ambiri mwayamba kuganiza zoweta nsomba pamtunda, ena mwafunsa kale za kutseka khwawa la kumunda. Ndiye tikambirane bwinobwino chimene munthu amakhala wachita akatseka madzi.

Choyamba tisiyanitse dziwe ndi damu, chifukwa pakamwa timazisakaniza. Dziwe la nsomba, lija amatiphunzitsa alangizi a ku Domasi, timakumba pansi. Madzi ake amakhala m'dzenje, ndipo likawonongeka mwini wake amalira yekha: nsomba zathawa, basi. Damu ndi lina. Damu ndi madzi amene aunjikidwa pamwamba pa nthaka, kuseri kwa khoma, kupitirira msinkhu wa madimba, njira ndi nyumba zimene zili kumunsi. Nyumba ya mwini damu kawirikawiri ili pamtunda, pambali. Amene amagona kunsi kwa madziwo ndi anthu ena, amene sanafunsidwe, ndipo ya pakhomo ija salandirako.

Anthu amanyozera kadamu poona kuti n'kakang'ono. Tiyeni tiwerengere. Titenge damu loti madzi ake aphimba hekitala imodzi, ndiye kuti maekala awiri ndi theka, ndipo pakhoma pakuya mamita 3. Popeza kumtunda kwake kumakhala kosaya, damu lotere limasunga madzi pafupifupi malita 10 miliyoni. Amenewo ndi madiramu 50,000 a malita 200 aja. Kulemera kwake ndi matani 10,000. Khoma likagumuka, madiramu onsewo satuluka limodzilimodzi ayi. Amatsika pa kanthawi kochepa, atasenza matope, miyala ndi zitsa. Madzi othamanga ofika m'maondo okha amagwetsa bambo wamphamvu zake. Nanga mwana, nanga agogo, usiku?

Kuwerengera kwina n'kwa mvula. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi, amenewo ndi malita 10,000. Ngati zitunda zimene zimathira m'damu lathu lija ndi mahekitala 100, ndipo usiku umodzi kwagwa mvula ya mamilimita 100, pamenepo pagwa malita 100 miliyoni. Tinene kuti nthaka yamwa magawo awiri, gawo limodzi lokha ndilo layenderera. Limodzi lomwelo likhoza kudzaza damu lija katatu. Ndipotu mu Febuluwale ndi Malichi damu limakhala lodzaza kale, nthaka yakhuta kale, mitengo ya m'zitunda tinaotcha makala kalekale. Madzi onsewo ayenera kupeza podutsa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ukawatsekera khwawa lawo osawapatsa lina, adzalitenga lomwelo ndi khoma lako lomwe.

Ngalande yotayira madzi

Khoma la dothi lili ndi lamulo limodzi losasintha: madzi asadutse pamwamba pake. Khoma la simenti madzi akhoza kulikwera n'kupita, ilo chilili. La dothi ayi. Madzi akangoyamba kutsetsereka kuseri kwake amakumba kangalande, kangalandeko kamadya chobwerera m'mbuyo, kukafika pamwamba pa khoma mpata watseguka, ndipo mpatawo umakula mofulumira kuposa mmene anthu a makasu angatsekere. Nchifukwa chake damu lililonse liyenera kukhala ndi ngalande yaikulu yotayira madzi kumbali, yotsika kuposa khoma, kuti madzi akachuluka azitulukira kumeneko.

Ngalande imeneyi siikumbidwa pa khoma lounjika lija. Imakumbidwa pa nthaka yakale yolimba, kumapeto kwa khoma, makamaka kumene kuli thanthwe, ndipo imakatula madzi kutali ndi phazi la khoma. Ikhale yotakata ndi yosalala pansi, yomera kapinga kapena yoyalidwa miyala. Kuchokera pakamwa pa ngalande kufika pamwamba pa khoma pazikhala mita imodzi kapena kuposera. Danga limenelo si malo owonongeka monga ena amaganizira. Ndilo moyo wa damu.

Apa ndi pamene eni madamu a chisangalalo amapusira, ndipo ndinena mosabisa. Mwini damu amafuna madzi ambiri mu Okutobala, kuti bwato liyende ndi alendo asaone matope. Ndiye mvula ikamatha amasanja matumba a mchenga kapena njerwa pakamwa pa ngalande kuti madzi akwere pang'ono. Chaka chamawa matumba aja aiwalika, amera udzu. Chachiwiri, amaopa kuti nsomba zake zithawa, ndiye amatchinga ngalande ndi waya wa sefa, kapena ukonde wakale, kapena mpanda wa bango. Inu asodzi mukudziwa chimene chimachitika ndi ukonde wotchinga madzi oyenda. Umagwira zinyalala, mapesi, mapepala a pulasitiki, ndipo pasanathe ola wasanduka khoma. Madzi akwera, asiya ngalande, apita pamwamba pa damu.

Zimenezi si zongoganizira. Ku America, m'chigawo cha Pennsylvania, kunali damu la dothi la South Fork. Eni ake anali kalabu ya anthu olemera amene ankapitako kukawedza ndi kukasaka nyama. Anatsitsa pamwamba pa khoma kuti ngolo zawo zizidutsa bwino, ndipo pa ngalande yotayira anaikapo zitsulo zotchinga nsomba. Pa 31 Meyi 1889 kunagwa chimvula, zotchinga zija zinadzaza zinyalala, madzi anakwera khoma, damu linagumuka. Mu mzinda wa Johnstown ndi midzi ya kumunsi munafa anthu 2,209. Damu limenelo linali lalikulu kutalitali kuposa athuwa, inde. Koma taonani chimene chinawapha anthu aja: nsomba za achuma zisathawe. Ngati kutchinga nsomba n'kofunikadi, sefa aikidwe m'kati mwa damu, patali ndi pakamwa pa ngalande, atazungulira ngati uta, wamfupi woti madzi akachuluka amudumphe. Bola zithawe nsomba.

Madzi oyenda m'kati mwa khoma

Imfa yachiwiri ya damu ndi yachinsinsi, ndipo imatha kubwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Palibe khoma la dothi limene silichucha. Madzi amalowa pang'onopang'ono m'dothi n'kukatulukira kuseri. Kuchucha pakokha si matenda. Matenda ndi pamene madziwo ayamba kunyamula dothi. Akatenga pang'ono lero, kanjira kakula. Kakakula, madzi athamanga. Akathamanga, atenga lambiri. Kanjirako kamakula kuchokera kuseri kulowera kumadzi, m'kati mwenimweni mosaoneka, mpaka tsiku lina pamwamba patitimira.

Kuyeza kwake n'kosavuta, ngakhale mwana wa sukulu akhoza. Pitani kuseri kwa khoma, pamene pakutuluka madzi, mutunge mu botolo loonekera m'kati, mulisiye kanthawi. Madzi akakhala oyera, pansi pa botolo popanda kanthu, mtima ukhale m'malo koma muziyang'anirabe. Akakhala a mbuu, kapena pansi pakadikha matope kaya mchenga wosalala, dziwani kuti khoma likudyeka. Muyezenso kuchuluka kwake. Ikani kapaipi kapena khungwa la nthochi pamenepo, muone kuti ndowa ikudzaza pa mphindi zingati, mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku. Ngati mwezi watha inkadzaza pa mphindi khumi, lero pa mphindi zitatu, pamene madzi a m'damu sanakwere, musadikire Lolemba.

Palinso zizindikiro zina zimene maso a mlimi amazigwira msanga kuposa a munthu wa mu ofesi. Malo obiriwira kuseri kwa khoma m'chilimwe pamene pena ponse pauma. Bango kapena mlulu womera pamene sunkamera. Kasupe wotumphuka m'munsi mwa khoma, atazunguliridwa ndi kamulu ka mchenga ngati ka nyerere. Kadzenje kotitimira pamwamba. Madzi ozungulira ngati akulowa mu fanulo pafupi ndi khoma. Ming'alu nayo ili mitundu iwiri. Woyenda motsata khoma ukunena kuti mbali imodzi ikufuna kutsetsereka. Wodula khoma chopingasa, kuchokera kumadzi kupita kuseri, ndiwo woopsa kwambiri, chifukwa umenewo ndi msewu wa madzi wokonzeka kale.

Nanga njira zimenezi amatsegula ndani? Woyamba ndi mtengo. Tonse timakonda mthunzi, ndipo mwini malo a chisangalalo amaukonda kuposa tonse, ndiye amabzala bulugamu, mango kapena nsungwi pakhoma kuti alendo akhale pozizira. Mizu imapita kumadzi, kuboola khoma. Mtengo ukafa mizu imaola n'kusiya mapaipi. Ukagwa ndi mphepo umazula chigawo cha khoma. Pakhoma pamafunika udzu waufupi wokha, kapinga, wotchetchedwa kuti munthu aziona nthaka. Timitengo tating'ono tizulidwe tisanakule. Koma mtengo waukulu umene wakhalapo zaka zambiri musangoudula n'kuchoka, chifukwa mizu yake idzaola m'kati. Pamenepo pafunika injiniya anene kachotsedwe kake, ndipo madzi ayambe atsitsidwa.

Wachiwiri ndi chiswe. Chulu chikamera pakhoma, chimene mukuona pamwambacho n'chochepa, mudzi wake uli pansi. Mukumbe mpaka mupeze make chiswe, mubwezere dothi lonyowa mosinja bwino. Kenaka mbewa, mfuko, nkhanu ndi ng'azi. Damu lotchuka la Marib ku Yemen, lija chigumula chake chimatchulidwa mu Surat Saba, nkhani zakale za Aluya zimati linabooledwa ndi makoswe. Ndipo anyamata okumba mbewa ndi oipa kuposa mbewazo, chifukwa una wa chala chimodzi amausandutsa dzenje lolowa mkono. Ng'ombe nazo zikazolowera kutsikira malo amodzi zimapanga kanjira, mvula n'kukasandutsa chigwembe. Zipatsidwe pomwera pake kutali ndi khoma.

Zambiri mwa izi zimayambira pa tsiku lomanga. Damu si mulu wa dothi. Asanaunjike kanthu amachotsa udzu, mizu ndi dothi lonse lapamwamba. Kenaka amakumba mchera pakati, motsata khoma lonse, mpaka apeze dothi lolimba losalowa madzi, n'kuudzaza ndi dothi lomata. Ukadumpha mchera umenewu madzi amangodutsa pansi pa khoma. Dothi lake likhale losakaniza, lomata koma lokhala ndi kamchenga. Mchenga wokhawokha umachucha, makande okhaokha amang'aluka ndi dzuwa. Tengani lonyowa mulipote m'manja: likapanga kachingwe kosaduka msanga, lili bwino. Amathira pang'onopang'ono, masentimita 15, kuwaza madzi, kusinja, n'kuthiranso. Wa thirakitala wolipidwa pa ola amafuna kukankha mulu wonse tsiku limodzi, ndipo khoma lake limaoneka lokongola mpaka mvula yachiwiri.

Khoma lisakhale chiriri ngati la nyumba. Mbali ya kumadzi, pa mita imodzi yokwera pazikhala mamita 3 opita m'mbali. Kuseri mamita 2 kapena kuposera. Pamwamba mamita 3, poti ngolo n'kudutsa. Ndiye kuti khoma lotalika mamita 4 phazi lake ndi mamita 23. Mukaona lotalika choncho koma phazi lake ndi mamita khumi, mwiniwake anaumira, ndipo ngongoleyo adzalipira ndi a kumunsi. Dothi latsopano limakhalanso pansi pakapita nyengo, makamaka pakati pamene khoma ndi lalitali. Imani kumapeto muyang'ane motsata pamwamba: pakaoneka ngati msana wa bulu wokalamba, pamenepo ndi pamene madzi adzayambire kudumpha. Paipi yotulutsira madzi yodutsa m'khoma nayo muziikayikira, chifukwa madzi amakonda kuyenda motsata kunja kwake, ndipo yachitsulo imachita dzimbiri.

Lamulo likuti chiyani

Ambiri amaganiza kuti akagula malo, kapena amfumu akavomera, nkhani yatha. Amfumu amaona za malo, ndipo ulemu wawo upite. Koma madzi a mu mtsinje ndi m'dambo sagulidwa pamodzi ndi munda. Lamulo la madzi la 2013, limene linalowa m'malo mwa lija la 1969, limaika madzi onse a dziko lino m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Kutunga kwa pakhomo, kwa kumwa, kuphika ndi kuchapa, sikufuna chilolezo. Koma kutseka mtsinje ndi kusunga madzi kumafuna chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority, limene mwachidule amati NWRA. Likulu lake lili ku Lilongwe, koma poyambira pafupi ndi ku ofesi ya zamadzi kapena ya ulimi wothirira ku khonsolo ya boma lanu. Lamulo lomweli lili ndi gawo lonena za chitetezo cha madamu, ndipo udindo wosamala damu limauika pa mwini wake.

Palinso lamulo la zachilengedwe la 2017, limene amaliyang'anira ndi a Malawi Environment Protection Authority. Iwo ndiwo amanena ngati ntchito yanu ikufunika kuunikidwa kaye musanayambe. Ndipo lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kulowetsa m'madzi athu nsomba zachilendo popanda chilolezo. Ili likukukhudzani inu mwachindunji. Munthu akaweta mwakabisira nsomba ya kunja m'damu lake ku Magomero, damulo n'kusefukira kapena kugumuka, nsombayo siima pa Namadzi. Ikakupezani ku Kachulu, ikupikisana ndi makumba ndi matemba anu, ndipo m'nyanja simungaichotsemonso.

Ndikudziwa madandaulo ake: mafomu, ndalama, maulendo, kudikira. Sindinganame kuti ndi zopepuka kwa mlimi. Koma phindu lenileni la chilolezo si pepalalo ayi. Ndi lakuti munthu wodziwa afike, ayeze kukula kwa zitunda zothira m'damu, awerengere ngalande, aone dothi, ndipo damulo lilembedwe m'buku kuti boma lidziwe kuti kumtunda kwa mudzi wakutiwakuti kuli madzi. Ku Kenya, m'dera la Solai ku Nakuru, damu la dothi la pa famu ya munthu linagumuka usiku wa pa 9 Meyi 2018, n'kupha anthu 48, ambiri a iwo ana ndi amayi a m'midzi ya kumunsi. Pambuyo pake akuluakulu a zamadzi ananena kuti damulo linalibe chilolezo choyenera. Funso linatsala n'lakuti, zaka zonsezo anali kuti? Maofesala ndi ochepa, madamu ang'onoang'ono ndi ambiri, galimoto ilibe mafuta. Kuno kwathu n'chimodzimodzi. Wodikira kuti boma lidzayendere kadamu kalikonse chaka ndi chaka adikira mpaka imvi.

Maiko ambiri amaika malire pa madamu oyenera kuyang'aniridwa mwapadera. Ku South Africa, mwachitsanzo, ndi damu lotalika kuposa mamita 5 ndi losunga madzi opitirira malita 50 miliyoni. Damu lathu la hekitala imodzi lija silifikapo n'komwe. Koma madzi sawerenga malamulo. Kuopsa kwa damu sikuli pa kukula kwake kokha, kuli pa chimene chili kumunsi kwake. Kadamu koti kumunsi kwake ndi tchire lokhalokha n'kosiyana ndi kena kofanana nako koti kumunsi kuli nyumba zisanu ndi njira ya ana a sukulu. Ndipo kumunsi kumasintha. Pomanga damu munalibe munthu m'dambomo, lero malo achepa, ku Chiradzulu kuno anthu tathinana, wina wamanga pomwe pankadutsa madzi.

Za kulipira, mwambo wathu ndi lamulo sizitsutsana. Ng'ombe zako zikadya mmera wa mnzako umalipa, sunena kuti khola linathyoka lokha. Madzi amene wawatsekera ndi ng'ombe zako. Ndipo wogula malo okhala ndi damu lakale la esiteti adziwe kuti wagula ndi mlandu wake womwe.

Mvula ya masiku ano siinso ija madamu akalewa anamangidwira. Mu Malichi 2019 boma linachenjeza anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi ku Zomba kuti damu laling'ono la Chagwa, pamwamba pa phiri paja anthu amakapumulirako, likhoza kugumuka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, lomangidwa ndi mainjiniya enieni, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwake tonse tinakulawa kupitirira chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, ndipo konkuno ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe unakokoloka ndi matope ochokera m'phiri. Wina amati, damu langa linapirira Freddy, ndiye palibe chingaligwetse. Mwina. Koma mwinanso Freddy analisiyira bala m'kati limene silinayang'anidwe.

Osambira ndi owedza

Damu likhoza kupha osagumuka. Ana a kunyanja amanyada kuti kusambira anabadwa nako, koma damu si gombe. Kunyanja umalowa pang'onopang'ono pa mchenga. Pakhoma la damu pamatsetsereka, pali ndere ndi matope oterera, wagwa kamodzi uli kale pakuya, ndipo pobwerera palibe pogwira. Pansi pali zitsa zimene sanazule, nthambi, maukonde akale. Pafupi ndi paipi yotulutsira madzi pamakoka. Amene akulandira ndalama ya pakhomo walandiranso udindo: apatule malo osaya ndi chingwe ndi zigubu zoyandama, aike munthu wamkulu wodziwa kusambira woyang'anira, pakhale nsungwi yaitali ndi chigubu chomangirira chingwe choponyera womira. M'bwato aliyense avale jekete yoyandamitsa, ndipo chiwerengero cha okwera chisakwere chifukwa lero kwabwera ukwati. Woledzera asalowe m'madzi, ngakhale walipira.

Likodzo inu mukulidziwa kuposa ine. Nkhono zake zimakonda madzi odikha a m'mbali momera udzu, ndipo chimafunika ndi munthu mmodzi yekha wodwala kukodzera m'madzimo. Malo olandira alendo opanda chimbudzi chabwino, chomangidwa kutali ndi madzi, akugulitsa matenda. Udzu wa m'mbali uzisengedwa, zithandizanso pa udzudzu.

Inu a kumunsi

Ngati mumakhala kapena kulima kunsi kwa damu la munthu, muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira. Musapite mwaukali kapena nokhanokha. Pitani ndi amfumu ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene imalumikizana ndi khonsolo ndi nthambi ya DoDMA. Mufunse mwaulemu: Achimwene, chilolezo chilipo? Anayeza ngalande ndani? Tingayende nanu pakhoma? Mwini damu wanzeru amakondwera, chifukwa maso aulere amenewo. Wokana kuti muone kuseri kwa khoma lake, nkhani yake ipite ku khonsolo, ndipo ipite yolembedwa, inu musunge kope lake.

Nthawi yabwino yoyendera ndi Seputembala kapena Okutobala, madzi atatsika, udzu utatchetchedwa, nthawi yokonza ikadalipo. Muyenderenso madzi akadzaza koyamba, ndiponso m'mawa uliwonse wotsatira chimvula. Muyende pamwamba, mutsike kuseri, mutsate phazi lonse, mulowe mu ngalande mpaka kumene ikutula madzi. Kukafunika kutsitsa madzi kuti mukonze, muwatsitse pang'onopang'ono, monga chikhatho chimodzi pa tsiku. Khoma lokhuta madzi mukalichotsera madzi mwadzidzidzi, mbali ya kumadzi imatsetserekera m'damu. Ndipo wina asayerekeze kudula khoma ndi khasu kuti achepetse madzi. Kumeneko n'kuligumula ndi manja. Popanda paipi yotulutsira, madzi amakokedwa ndi mapaipi a pulasitiki odutsa pamwamba pa khoma, monga timakokera petulo mu thanki, kapena amakuzako ngalande ya kumbali ija pa nthaka yolimba.

Mugwirizaniretu za chenjezo kukadali kouma. Ndani amene adzagone pafupi ndi damu a zanyengo akalengeza namondwe, ali ndi tochi ndi foni ya moto? Adzaimbira yani? Foni ikakana, monga imachitira pa mvula yotere, chidzalire n'chiyani: wenzulo, belu la ku tchalitchi, chimkuzamawu cha pa mzikiti, kaya chitsulo cha pa sukulu? Aliyense adziwe kulira kwake, ndipo adziwe amene adzanyamule agogo akutiakuti ndi mwana wolumala wa pa nyumba yakutiyakuti. Zizindikiro zothawira popanda kukambirana ndi zitatu: madzi ayamba kudumpha khoma, madzi a matope akutumphuka kuseri ndipo akuchuluka mukuona, kapena chigawo cha khoma chatsetsereka.

Pothawa musatsate mtsinje, madzi amathamanga kuposa inu. Dulani chopingasa, mukwere chitunda chimene chili pafupi, ngakhale chili kumbali yosakhala kwanu. Mbuzi muzimasule, musazikoke. Ndipo ili ndikunena kwa inu asodzi makamaka, poti ndikukudziwani: damu likamagumuka nsomba zimaoneka zikuphiriphitha m'matope kumunsi, anthu n'kuthamangirako ndi madengu ndi masikito. Mpata woyamba uja sukhala womaliza. Khoma limapitiriza kudyeka m'mbali, ndipo madzi ochuluka amabwera pambuyo, pamene anthu aweramira milamba. Dikirani pachitunda mpaka m'damu muoneke matope.